Zipsera za simbi pamsana pa mwana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tilipo, kungoti dzanja langali latupa.

Mwana wa malemu achemwali, uja a boma anakamusiya kubanja lomulera, ndinamupeza ndi zipsera za simbi pamsana. Loya wa mwanayo anamufunsa za zipserazo, mayi womulerayo ali pompo atamugwira paphewa. Mwana anati, "Ndinagwa." Loya n'kulemba zomwezo!

Potuluka mu ofesi ya loyayo ndinamumenya mayiyo chibakera pakamwa, mano awiri anagwa. Pano andiletsa kumuona mwana, ati wankhanza ndine.

Mlandu wa mwanayo ndi Lachinayi. Bwerani mudzaumirire kuti mwanayo amufunse ali yekha. Za bambo a kubanja lomuleralo sindilemba, koma mwanayo akangomva nsapato zawo amadzikodzera.

Chikwanje musavutike kunyamula, changa ndanola kale.

Ine mlongo wanu.