Esinati akugona pa bedi lanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Mabvuku tilipo. Madzi ndi momwe munawasiyira, mpopi umangotulutsa mphepo, timakhalira kuima pamzere ku chibhorani, pamjigo paja. Kamunda kanu ka m'mbali mwa msewu ndinalima, ndapeza matumba atatu, lachinayi anandithandiza kukolola ndi akuba. Mkazi wa achimwene anabereka mwana wamkazi, tamutcha Filesi, dzina lanu, ndipo kakalusa ndi inu ndithu.

Koma ndalemba chifukwa cha Esinati, mwana wanu wotsiriza.

Mukukumbuka momwe munkabisira nsalu zamagazi pansi pa matiresi, n'kumachapa nokha? Nditakufunsani munandidula pakamwa: "Za pansi pa chitenje sazitulutsa pabwalo." Ndinakumverani chaka chathunthu, mpaka fungo ndilo linakuululani. Pamaliro amalume anauza anthu kuti munkadwala m'mimba. Bodza limenelo. Inali khansa ya khomo la chiberekero, Amayi, ndipo ndalemba dzina lonse kuti nanunso mulizolowere.

Ndiye mwezi watha ndinamukoka Esinati mpaka ku kiliniki, akunyinyirika njira yonse. Anesi anamupaka viniga pakhomo la chiberekero n'kupeza kachigamba koyera. Sikanafike pokhala khansa, koma ndi pamene imayambira. Anakawotcha tsiku lomwelo, n'kumulamula kuti akhale mwezi wathunthu osagona ndi mwamuna kuti bala lipole.

Apa ndiye panavuta. Alamu anga, amuna a Esinati aja ogwira ntchito ku Willowvale, akuti sanakwatire kuti azikhala ngati roja wochita lendi m'nyumba mwawo. Anakaitana azakhali aNaphiri, omwe anatilangiza tonsefe pa chinamwali, ndipo iwo anabwera ndi mawu anu enieni, akuti mkazi sapatsa mwamuna msana. Mwana wanu mukumudziwa, sadziwa kukana. Anandiimbira foni akulira.

Ndinakwera kombi ya ku Tafara dzuwa likuswa mtengo, n'kulowa kwa Esinati osaodira. Zovala zake ndinalongedza azakhali akuona. Kenako ndinawagwadira monga munandiphunzitsira, n'kuwauza kuti mwambo umenewu unandiikitsa mayi, mng'ono wanga sindiupatsa. Tsopano Tafara yense akudziwa kuti Rozina ndi wamwano, akupasula banja la eni. Anene mpaka atope. Banja logwa ndi masabata anayi linali lofumbwa kale.

Inunso ndinakukwiyirani, Amayi, ndisakubisireni, ndipo mkwiyowo sunathe. Munatilera ndi tomato wa pamsika, munkalimbana ndi aliyense wofuna kutipondereza, koma munalephera kuuza nesi mawu awiri okha. Mukananena msanga, bwenzi pano mukubereka mdzukulu wanu kumsana.

Esinati akugona pa bedi lanu, kwatsala masiku khumi. Akudya bwino, wayambanso kundinena kuti ndimakolopa ngati mwamuna. Lamlungu alamu anabwera ndi buledi atavala nkhope ya maliro. Ndinawalandira ndi ulemu wonse, tiyi anamwa makapu awiri, mkazi wawo anacheza naye pakhonde, kenako ndinawaperekeza mpaka pageti. Anabwerera okha.

Ndikukulonjezani ichi. Esinati ndidzamubweza ndekha anesi akadzati wapola, osati tsikulo lisanakwane. Ndipo Filesi akadzatha msinkhu, azakhali akadzamaliza malangizo awo, ine ndidzalowa pambuyo pawo n'kumuuza chimene chinapha agogo ake, dzina lonse, chitseko chili chotsegula.

Ndine mwana wanu wamwano uja, wokukondanibe,
Rozina