Envelopu ya Buku la 28

Lolemba, 3 Juni
Alamu abweranso. Mabuku a zithunzi a Chiphaliwali mbwee patebulo langa lodyera, lililonse m'kathumba kake ka pulasitiki. Ine tiyi ndamwera pamwendo.
Nkhani yake yomwe ija. Kumapeto kwa buku la 27, adani amutsekera Chiphaliwali m'thanki, manja omanga, madzi m'khosi. Buku la 28, munthu ali phee, akupachika makatani kwa mayi ake. Za thanki osazitchulanso. Zaka 26 tsopano.
Amuna anga akuti anafera m'thankimo, wa makataniyo ndi mnzake wobadwa naye mapasa. Alamu akuti ayi, zonse za pambuyo pa 27 ndi maloto a munthu amene akumira. Azibambo a imvi awiri. Mmodzi ndi mphunzitsi wamkulu.

Lachinayi, 6 Juni
Gulu lawo la pafoni lagawanika pakati, a Mapasa ndi a Maloto. Wometa wa pakona akuti a Maloto sawametanso. Mutu wa alamu ngati tsache.
Diresi ya ukwati ya mwana wanga yatha kusokedwa. Ndinalira pang'ono kwa telala. Kunyumba palibe wandifunsa.

Lamlungu, 9 Juni
Zavuta. Alamu ati, "Achimwene, inu mumawerenga ndi mimba." Amuna anga awatulutsa, nsapato n'kuwaponyera pawindo. Alamu alumbira kuti Loweruka galimoto yawo sinyamula mkwatibwi, ndipo paukwati sapondapo. Mwana wadzitsekera kuchipinda, osadya.
Ndilembe pano poti pepala lilibe pakamwa. Ndine. Ndisanakwatiwe ndinali kalaliki pa kampani yosindikiza mabuku. Amuna anga amadziwa kuti tinkapanga makalendala basi. Tsiku lina abwana anandituma kukatenga zojambula za buku la 28 la Chiphaliwali kwa wojambula. Ndinagona m'basi, envelopu n'kuiiwala momwemo. Abwana anangotenga za 29 n'kulembapo 28. Wojambula anakana kubwereza, akuti dzanja lake si fotokope.
Palibe mapasa. Palibe maloto. Mtsikana wa tulo chabe.

Lachitatu, 12 Juni
Ndawaitana onse awiri, ndaulula. Ndimayembekeza kupakira katundu.
Kenako alamu: "Mlamu, anakuopsezani ndani kuti muzinena zimenezi?" Amuna anga kuvomereza ndi mutu. Koyamba kugwirizana chaka chino.
Akuti chinthu chotere munthu sangachiiwale m'basi, anachita kundibera. Andifunsa nambala ya basi, mtundu wa malaya a kondakitala. Alamu akulemba m'kope. Atuluka limodzi akunong'onezana. Pepani wanga palibe wamumva.

Lamlungu, 16 Juni
Ukwati unali dzulo. Galimoto inabwera, yopukutidwa. Mwana wanga kuwala! Ndinamugwira dzanja pakhomo.
Paphwando anthu asanu osawadziwa kudzandipatsa moni wa manja awiri. Wina kufuna ndimusainire buku la 27, keke ili m'manja. Pagulu akunditcha Mayi Envelopu. Agawanikanso. Ena akuti ndine kazitape wa kampani, ena akuti amene anakwera basi si ine.
Lero ndikutsuka mbale, amuna anga aima pakhomo kundiyang'anitsitsa. "Mayi, kodi kwanu munabadwa nokha?" Zaka 25 tili limodzi.

Lachiwiri, 18 Juni
Nyumba zii. Bedi la mwana loyalidwa bwino, koyamba chibadwire. Mapazi akadali otupa.
Zamkutu zonsezi. Ndinagona, ndinaiwala, basi.
Komatu posita malaya ndakumbukira. Envelopu ija sindinaiike pampando. Inali pamiyendo, nditaipsinja ndi chikwama. Ndipo bambo wa chipewa anakhala pambali panga uja, tikiti anadula ya mpaka kumathero, ndinamumva ndi makutu angawa. Koma podzidzimuka pa siteji yachitatu, pampando palibe munthu. Nanga munthu wabwinobwino angatsike bwanji asanafike kumene walipirira?