Impso ya Amayi

Ndamera, Nsanje

Okondedwa achimwene,

Ndikupereka moni mwaulemu. Kodi muli bwanji ku Joniko? Ine ndili bwino, koma amayi akadali ofooka.

Magazi amene ankatuluka mumkodzo mwawo aja, tonse tinkati ndi likodzo, poti kuno aliyense wolima m'madimba a m'mbali mwa Shire amakhala nalo. Anthu ankandiseka ndikamadandaula. Koma titakwera sitima kupita ku chipatala chachikulu ku Blantyre, adokotala anapeza chotupa mu impso, ndipo anaichotsa. Tsiku limenelo ndinadikira ndekha pakhonde, popanda ondilankhula.

Anadula kachidutswa ka chotupacho n'kukayang'ana pa makina okulitsa zinthu. Akuti ndi khansa, koma ya mtundu wosowa umene iwo sanauonepo, choncho anakatumiza kunja kwa dziko. Yankho labwera. Akuti mtundu umenewu umayenda pang'onopang'ono, ngakhale sangalonjeze kuti sudzabwerera. Ndinawapempha kuti abwereze mawuwo kuti ndisakulembereni zolakwika.

Nditawafotokozera amayi, anaseka mogwira pabala n'kunena kuti, “Mwanawe, kanyama kanga kapita kutali n'kutumiza mawu. Nanga mlongo wako bwanji?”

Ndinangotenga pepala n'kuyamba kukulemberani, achimwene.

Kumadimba sindikupitako chifukwa palibe womusiyira amayi, ndipo mbatata zathu zalowa thengo. Chonde pemphani tchuthi mubwere adzakuoneni. Ngati akukanizani, lembani ngakhale mizere iwiri, ndidzawawerengera.

Mulungu akusungeni pansi pa mgodipo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati