Phazi la Rabson

Lolemba, 12 Meyi

Rabson sanaponde mankhwala. Ndilembe pano, poti pamudzi palibe wofuna kumva. Sabata yonse akungoti mlamu wangayo analumpha chokwirira pa njira ya kumunda wa nshawa, ndipo wokwirira ndi a Nikodemo chifukwa anakangana za malire mu Disembala. Nkhalamba yoti ikakweza khasu imayamba yapuma.

Ndamuyeza lero, mkazi wake, mng'ono wanga Veronica, ali kuchigayo. Ndinayambira kumutu kuti nditseke pakamwa a hedi a pasukulu, amene akulalikira za sitiroko. Mitsempha yotuluka m'mutu osadzera kumsana ilipo khumi ndi iwiri mbali iyi, khumi ndi iwiri mbali inayo, ndipo ndikuikumbukirabe yonse, ngakhale amanditcha Dokota Theka. Ndinamununkhiza sopo atatsinzina. Tsatira chala changa ndi maso. Kweza nsidze, onetsa mano, luma, tulutsa lilime, kweza mapewa. Zonse zili bwino. Anaseka, akuti alamu mukundiyeza ngati ng'ombe ya pamsika.

Vuto ndi phazi lamanzere. Kuponda akuponda, kudzutsa zala ayi. Patapata akungovuka yekha. Ndinamubaya ndi munga pamwamba pa phazi, sanamve. Kunsi kwake analumpha n'kunditukwana. Msana sukupweteka, bondo sanagunde. Giya ya honda, njinga yake yamoto, amaikweza ndi phazi lomweli, ndiye honda ili pakhonde, nkhuku zikugonapo.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kushopu ku Sinda kunalibe anthu. Ndinajambula mwendo pa katoni ya mbewu, a Issa eni shopu akuyang'ana.

Mtsempha wake si wa magazi. Ndi woyera, wolimba ngati chingwe, waukulu ngati chala changa chamanthu. Ndinaugwira ndi manja angawa kusukulu ya udokotala ku Lusaka, pa mtembo wa bambo wina amene gulu lathu linamutcha Samuel. Umachokera kumunsi kwa msana, kudutsa pakati pa thako, kutsika kuseri kwa ntchafu, n'kugawika pawiri pafupi ndi bondo. Nthambi ina imapita kunsi kwa phazi. Inayo imazungulira kunja kwa bondo, ndiyo imadzutsa zala n'kubweretsa uthenga wa khungu la pamwamba. Singano ikalowa pakati pa thako, ulusi wa nthambi yachiwiriyi ndi umene umakonda kuvulala.

Rabson anadwala malungo kumapeto kwa Epulo. Munthu wina anamubaya jakisoni polakwika. Nkhani yonse ndi imeneyo.

A Issa akuti ndikanamaliza sukulu, bwenzi anthu akundimvera. Ndinawauza kuti mtsempha sufunsa setifiketi. Komanso akusukuluwo sanandichotse ine. Anati ndibwereze chaka ndi tiana tobwera m'mbuyo mwanga, chifukwa cha phunziro limodzi. Ndinanyamula chikwama.

Madzulo ndinamufunsa Rabson za jakisoni. Akuti sanabayidwe. Amayankha akuyang'ana nkhuku.

Lachitatu, 14 Meyi

Malata a a Nikodemo agendedwa masana, dzuwa likuswa mtengo. Abale a Rabson abwera kuchokera ku Vubwi, akufuna bwalo Lamlungu kuti nkhalamba isamuke.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndadula mphira ya chubu, ndamangirira nsonga ya nsapato ya Rabson kumsongolo kuti zala zisamakhule pansi. Wayenda mpaka pachitsime osapunthwa. Amalume ake akuti taonani, mankhwala a Dokota Theka ndi legeni. Ndinawafunsa kuti mphini zimene amutema pakakolo zadzutsa chala chiti.

Ndamuuza Rabson zoona. Mtsempha ukavulala umaphukanso pang'onopang'ono, mwezi wathunthu kutalika kwa mfundo imodzi ya chala, ndipo kuchokera kuthako kufika kuphazi ndi ulendo. Nthawi zina suphuka n'komwe. Apite kuchipatala ku Katete akamuonetse zolimbitsa mwendo, phazi lisaumire pansi. Veronica anali pakhomo akupeta. Anasiya lichero n'kulowa m'nyumba. Mtima wake ndi wa nkhuku kuyambira kale.

Ndadutsa kwa a Nikodemo. Amanga kale mbale ndi bulangeti m'thumba la fetereza. Akuti mwanawe, manda a mkazi wanga ali pano, ndipita kuti. Ndawalonjeza kuti Lamlungu nditchula wobaya ndi dzina lake, pamaso pa onse. Ndikumudziwa kale. Samson wa pamsika, amene amagulitsa makapisozi pamodzi ndi mankhwala a makoswe.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndinamupeza Samson atayala katundu wake pa sefa ya ufa. Sindinatsitse mawu. Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene chimadutsa pakati pa thako la munthu, kapena amangolasa ngati akubaya nkhumba. Azimayi a tomato anasiya kugulitsa.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati:

"Madamu, ine ndimagulitsa, sindibaya. Magazi ndimaopa. Botolo ndi singano anagula ndi mng'ono wanu. Ndinamufunsa kuti abaye ndani, akuti asisi anga a ku yunivesite anandiphunzitsa."

Ndinakwera minibasi osagula mchere umene ndinapitira.

Loweruka, 17 Meyi

Kumunda, tikuthothola nshawa, ine ndi Veronica awiriwiri. Sindinachite kufunsa kawiri.

Akuti Rabson ankanjenjemera, mapilisi akusanza, kukiliniki n'kutali ndipo woyendetsa honda ndi yemweyo wodwalayo. Atangobaya, Rabson anakuwa kuti moto watsika mpaka kuzala. Iye anaganiza kuti ndi mphamvu ya mankhwala, n'kupitiriza kukankha. Anagwirizana kuti asauze munthu, poti abale a ku Vubwi akamva amutenga mwana wawo, ukwati n'kutha. Za a Nikodemo sanaziyambitse iwo. Anangokhala chete zitayamba.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anabayira pakati.

"Ndi pamene pali mnofu wambiri, asisi. Ndimaopa kugunda fupa."

Ndinati kodi sindinakuonetse, kugawa thako panayi n'kubaya kumtunda, chakunja?

"Munandionetsa pa dzungu, kamodzi, amayi akudwala, inu mukuthamangira basi ya ku Lusaka. Dzungu lilibe kumtunda. Ndinakufunsani kuti bwanji apo osati apa. Munati mutu wa Giredi 7 sungasunge zimenezo."

Ndikukumbukira. Ndinali nditavala gawuni yoyera ya udokotala, imene ndinabwera nayo kuti anthu aione. Kufotokoza za mtsemphawo kukanatenga nthawi yochepa kuposa imene ndinataya pa katoni ya a Issa.

Anandigwira chitenje, akuti musanditchule mawa. Tinathothola mpaka thumba linadzaza.

Lamlungu, 18 Meyi

Bwalo linakhala titaweruka kutchalitchi. A Nikodemo anabwera ndi thumba lawo lija n'kukhalira.

Ndinapempha kulankhula. Ndinajambula mwendo pa dothi ndi kamtengo, kuyambira kumsana mpaka kuzala, ndipo ulendo uno ndinafotokoza pang'onopang'ono. Ndinaitana Rabson, ndinamubaya ndi munga pamwamba ndi pansi, onse akuona. Ndinafunsa kuti ndi mankhwala anji okwirira amene amasiya kunsi kwa phazi, kumene kunawaponda, n'kukapha pamwamba. Ngakhale a hedi anagwedeza mutu.

Amalume a Rabson anati chabwino mayi, tamva, nanga wobayayo ndani?

Ndinati singano inagwiridwa ndi munthu amene ndinamuphunzitsa ine, theka lokha, monga dzina langa. Ngati pali mlandu uyambire kwa ine. Wina kumbuyo anaseka, kenako anasiya.

Iwo anati dzina, mayi.

Ndisanatsegule pakamwa, Rabson anaimirira, mphira yake ikukoka nsapato. Anati anabaya ndi mkazi wake, anamupempha ndi iye mwini, ndipo thako ndi lake. Aliyense wofuna kubwerera ku Vubwi abwerere, iye atsala. Veronica anafunda chitenje kumutu.

Za kuwapepesa a Nikodemo, abwalo akuti akambirana Loweruka. Nkhalamba inasenza thumba lake, inakana kuti ndiithandize.

Mawa tikwera ya ku Katete, atatu. Veronica sanandilankhulebe, koma wabwera kudzatenga katoni ija ndinajambulapo. Ndamuyezanso Rabson tisanadye. Chala chachikulu sichikugwedezeka.