Chidindo Chonunkha Soya

Wando,
9 Okutobala 2024

Okondedwa Achemwali a Bok-rye,

Ndikhulupirira mawondo anu akulimbanabe ndi masitepe a ku Osaka. Kuno tili bwino. Mano anga atatu aja akupereka moni, lachinayi linatsanzika mwezi watha.

Ndili ndi mlandu woti ndiulule, ndipo ndasankha inu chifukwa muli kutali, ndodo yanu singandipeze.

Mukukumbukira kamakina ka mdzukulu wanga Da-som, kamene timakamiza m'nyanja pafupi ndi makola a nkhono? Madzi akayamba kutentha kamatumiza uthenga pafoni ya mlimi ndi ya Da-som yemwe, nkhono zisanafe. Anakapangira m'shedi mwanga, ndiye polembetsa kampani anandipatsa magawo asanu mwa magawo zana. Ine ndinkayesa masanje.

Ku Seoul kuli anthu amene ntchito yawo n'kuthira ndalama m'makampani akhanda, n'kumadikira kuti akule adye nawo. Mwanayu anagogoda zitseko zawo makumi atatu, nsapato mpaka kung'ambika, ndipo chinatseguka chimodzi chokha. Anamuuza zinthu ziwiri: ofesi isamukire ku Seoul, ndipo aliyense amene ali ndi magawo adinde chidindo cha dzina lake papepala lisanafike Lachisanu.

Achemwali, mwana ameneyu ndamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nditamva za Seoul, chidindo changa chinasowa.

Tinasaka nyumba yonse, ine patsogolo, mpaka ndinakalipira galu. Da-som atati tipite ku ofesi ya boma tikalembetse china, msana unandigwira pompo. Ndinabuula bwino kwambiri, mukanandinyadira.

Lachitatu kunabwera Mayi Yeom, mmodzi wa eni ndalama aja, kudzaona ngati kamakinako n'koona. Mtsikana wamng'ono ndithu, nsapato zoyera ngati akupita ku ukwati. Da-som anandinong'oneza kuti, "Agogo, lero lokha, nthabwala musiye kunyumba." Ndinalumbira.

Tili m'boti, mlendo nkhope itasanduka ngati ndere, anandifunsa, "Bambo Pyo, kamakinaka kamakuthandizani?"

"Kanandiwonongera moyo, mayi," ndinatero. Da-som anatseka maso. "Kale nkhono zikafa anzanga ankandigulira mowa wondipepesa. Zaka ziwiri tsopano ndikudzigulira ndekha."

Mayiyo anaseka mpaka anaiwala zosanza, n'kulemba m'kabuku kake.

Mlendo atapita kumalo ogona, Da-som akumanga chingwe cha boti, anandifunsa osandiyang'ana, "Agogo, soya wovundika wa chaka chino, wa mumtsuko uja, akukoma bwanji?"

"Bwanji?"

"Mtsuko womwewo ndi umene agogo aakazi ankakubisiranimo ndudu. Chidindo chanu ndinachiona mmenemo Lolemba, chokulungidwa m'kajumbo."

Ndinangoti, "Nanga bwanji sunachitenge?"

"N'chanu. Mukapanda kudinda ndiwauza kuti ayi, ndikhala konkuno. Koma anzanga asanu amene ndimagwira nawo ntchito mukawauze ndinu kuti ntchito yatha. Ine sindingathe."

Sanakalipe, sanalire, anangomaliza mfundo yake, yomweyo imene ndinamuphunzitsa ndine, n'kumapita. Bola akanandigenda ndi nkhono.

M'mawa mwake ndinapisa dzanja mumtsuko. Kajumboko kanali kobooka. Ndinatsuka chidindocho katatu ndi sopo, osathandiza. Nditadinda, Mayi Yeom ananyamula pepala lija, lodula kuposa boti langa, n'kulinunkhiza.

"Likundikumbutsa kukhitchini kwa amayi anga," anatero.

"Ndiye mwanayu mumusunge ngati mmene amakusungirani amayi anuwo. Mukamuliritsa, ndibwera ku Seoul ndi mtsuko wonse."

Da-som ananyamuka pa 20 mwezi watha. Akuti ofesi ili pansanjika yachisanu ndi chinayi, ndipo eni ndalamawo amafuna msonkhano mwezi uliwonse, amafunsa mafunso ochuluka kuposa malemu amayi athu. Akupirira. Ndi wa kwa Pyo.

Pali kamlandu kena kakang'ono. Anandisiyira kamakina kamodzi kapadera. Ndatulukira kuti ndikakaviika m'ketulo ya madzi ofunda, pasanathe mphindi ziwiri foni imalira. "Agogo, nyanja yanu yafikanso madigiri makumi anayi?" Ndimati eya, dziko likutentha, asayansi ananena. Ndiye amandifunsa ngati ndadya, n'kundiuza zimene wadya iye. Sabata ino nyanja yatentha katatu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mukafuna kubwera musavutike ndi hotela, chipinda cha Da-som chilipo, ndimachisesa tsiku lililonse ngakhale mulibe wodetsa. Soya ndikutumizirani ndi kalatayi, ali ndi kakomedwe ka inki pang'ono koma sapha.

Ndilekeze pano, madzi afunda.

Ine mlongo wanu wosamva,
Man-deok