Injini ya Chigayo Chanu Yazima

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Mayani chisanu chayamba msanga. Mbatata tinakumba yambiri, koma nyemba zinakanika. Mng'ono wanga Agnesi anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Nkhani imene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani ndi ya chigayo chimene munandisiyira. Amayi, chinaima.

Dizilo atasowa, ndinayamba kugula wa m'zigubu kwa anthu ochokera kumalire. Anali wakuda, wonunkha ngati phula. Ndinaona, ndinanunkhiza, koma ndinathira ndithu, poti azimayi anali atandanda panja ndi matumba awo. Miyezi inayi ndinachita zimenezi, mawu anu aja ndikuwakumbukira bwinobwino: "Injini ndi khanda, osaimwetsa chimene sukuchidziwa."

Inayamba kutsokomola, kufuka utsi, kutha mphamvu. Lachiwiri lina, chimanga cha anthu chili m'kati, inangozima.

A Mbewe, amakaniko aja munkawakhulupirira, anabwera kuchokera kuboma. Atamasula mutu wa injini, anandiika m'manja mavalavu otulutsa utsi. M'mphepete mwake munali modyekadyeka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi.

Ndinati, "Bambo, dzimbiri lalowa bwanji pamalo otentha chonchi, popanda madzi?"

Anati, "Si dzimbiri la madzi ili, mayi. Chitsulochi anachipanga kuti chizipirira moto, chili ndi kakhungu kochiteteza. Koma mafutawa anasakaniza ndi a masitima apamadzi, ali ndi mchere. Mcherewo ukatenthedwa kwambiri umasungunuka, n'kumatirira pachitsulo, n'kudya kakhungu kaja. Chitsulo chimatsala pamtunda, chimangonyenyeka." Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Mayi anu akanatseka chigayo mwezi wathunthu, osathira zimenezi."

Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri, pamwala munkakhala poyeza chimanga.

Zaka khumi ndi zinayi munaisamala injini imeneyi, ine chaka chimodzi chokha ndaipha. Anthu tsopano amakagayitsa kuchigayo chamagetsi kumsika. Amandipatsa moni podutsa, matumba ali pamutu, maso ali pansi. Achimwene anga a Yohane akuti tigulitse injiniyi kwa ogula zitsulo zakutha. Ndakana, ndipo sitikuyankhulana bwino.

M'mawa uliwonse ndimatsegulabe chitseko, ndimasesa, ndimapukuta injini. Nkhumba zanga ziwiri ndigulitsa Loweruka kuti a Mbewe akagule mavalavu ena ku Lilongwe. Dizilo akadzasowanso ndidzatseka, anthu anene zimene anganene.

Mundikhululukire, Amayi. Manda anu sali kutali. Mvula isanagwe mudzaimva injini ikulira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina