Mpeni Wanga Unathwa Kwambiri

Lolemba, 12 Ogasiti
Kwabwera anthu a filimu ochokera ku Lilongwe. Mkulu wawo, a Martin, anafunsa kuti amene amazinga mbuzi kuno ku Lifuwu ndani, anthu n'kuloza ine. Akuti mufilimumo munthu akupha mbuzi ya mdani wake. Abwerekanso mbuzi yoyera ya mkazi wanga Rukiya kuti izingodya udzu chakumbuyo. Ili ndi bere. Rukiya akunyada ngati wojambulidwayo ndi iyeyo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti
Ndazinga mbuzi imene anagula. Ndinaimwetsa madzi, kubisa mpeni kuti isauone, kunena Bismillah, kucheka kamodzi basi. A Martin sanakondwe. "Bambo Mohamed, yafa msanga, anthu saona kanthu. Mulibe mpeni wobuntha?"
Zaka makumi awiri ndikuzinga, sindinadzudzulidwepo chifukwa chonola mpeni.

Lachitatu, 14 Ogasiti
Agula ina. Ine ndakana kuizinga ndi mpeni wobuntha. Apereka chikwanje kwa Steven, wosewera wawo, munthu woti ngakhale nkhuku sanaphepo. Anatema paphewa, pamsana, khosi kuliphonya kanayi. Mbuzi kukwawa ndi miyendo yakutsogolo, matumbo akukokeka pamchenga, ikulira ngati mwana. Wa kamera akuitsatira chogwada. Steven anasanza.
Nyama amati atipatse, takana. Ndi haramu imeneyo.

Lachinayi, 15 Ogasiti
Akuti mwera unasokoneza mawu, abwereza mawa. Ndauza Rukiya akatenge mbuzi yake, iye wakana. "Analonjeza, abambo, yathu ndi yongodya udzu."

Lachisanu, 16 Ogasiti
Potuluka mumzikiti ndinamva kulira kugombe. Mawu ake ndimawadziwa, imandidzutsa tsiku lililonse. Kani wogulitsa mbuzi sanabwere, iwo n'kungomasula imene inali pafupi, ya Rukiya ija.
Ndinadzera kunyumba kutenga mpeni, liwiro. Ndinapeza msana wathyoka kale, khutu limodzi lili pansi. Ndinakankha Steven, kugwada, kuitembenuzira ku Kibla kumene timayang'ana popemphera, Bismillah, kamodzi.
A Martin anaomba m'manja. "Imeneyo! Mwajambula nkhope yawoyo?"
Kani ndimalira osadziwa. Ndimafuna kuwatema, Allah andikhululukire.

Loweruka, 17 Ogasiti
Apakira katundu, apita.
Dzulo potumbula ndinapeza ana awiri, ubweya utamera kale. Ndinawakwirira kuseri kwa khola. Lero Rukiya amasesa m'kholamo, ngakhale mulibe chosesa. Anafunsa osandiyang'ana, "Anali angati?"
Ndati mmodzi.